Fungo la Bulugama M'kati mwa Habu

Anthu amene anakulira ku Sydenham amamukumbukira Noeline Pengelly ngati mayi wamfupi, wa zikhadabo zakuda ndi oyilo, wosakonda zolankhulalankhula. Shopu yake ya njinga inapanikizika pakati pa butchala ya Des Harkness ndi nyumba yochapira zovala. Masiku amenewo mu mzinda wa Christchurch aliyense ankayenda pa njinga, kuyambira wansembe mpaka wosesa mumsewu. Anthu okonza sitima ku Addington akaweruka, msewu unkachita kuda ndi njinga ngati linthumbu. Choncho ntchito sinkasowa.

Noeline sanabadwire mu ntchito imeneyi. Anali mwana wa mlimi wa anyezi wa ku Marshland, ndipo njinga anazidziwira m'banja, atakwatiwa ndi Lachlan Pengelly. Lachlan anali mwamuna wamtali, wamanzere, wa mpata pakati pa mano akutsogolo. Akamagwira ntchito ankaimba kamluzu kotulukira pampata pomwepo, kanyimbo kopanda mutu, kongokwera n'kutsika. Analinso ndi khalidwe lina limene anzake ankamuseka nalo: m'kabotolo ka oyilo ankadonthezeramo mafuta a bulugama, aja opaka pachifuwa.

"Njinga nayonso imadwala chimfine," ankatero akafunsidwa. "Simumazimva mmene zimatsokomolera m'mawa?"

Amakanika ambiri ankathawa habu ya magiya atatu. Giya zake zimakhala zobisika m'kati mwa chitsulo chapakati pa wilo lakumbuyo, ndipo ukatsegula mosasamala tizitsulo timamwazika pansi ngati mapira. Lachlan ndiye ankaikonda. Ankayala kansalu patebulo n'kundandalika tizitsulo tonse kuyambira kumanja kupita kumanzere, mosiyana ndi anthu ena onse. Tisipuling'i tating'ono tokankha tizitsulo ta m'katimo totchedwa zikhadabo sankagula, ankapota yekha ndi waya wopyapyala, ndipo popeza anali wamanzere, tinkapotokera kwina.

Madzulo ena atatseka shopu, anamukhazika mkazi wake pampando n'kuima kumbuyo kwake.

"Ekiselo imeneyi, chitsulo chapakatichi, mwaipana pa vayisi, eti? Onani kampata kali pakatipa. Lowetsanimo kakiyi aka. Tsopano tsitsani kamtanda, kakhale pamwamba pake. Ndi kameneka kamene kamasankha giya. Kakakwera, ina, kakatsika, ina."

"Nanga chimakakweza n'chiyani?"

"Katcheni kaja kamalendewera kunjaku. Mukakoka kuhandulo, kamakoka kakiyi. Mukasiya, sipuling'i yaikuluyi imabwezera zonse pansi. Ivekeni kachipewa kake."

Noeline anatenga kachitsulo konga chipewa n'kukaika pamwamba pa sipuling'i. Lachlan anaseka mpaka kutsamira khoma.

"Akazanga, inu chipewa mumavala chogadama? Mukufuna muzikingira madzi a mvula?"

"Kakwanatu bwinobwino!"

"Kukwana kakwana. Njinga iyendanso. Koma pakapita masabata, munthu adzaponda pedulo paphiri, giya n'kupulumuka, iyeyo n'kukapsompsona handulo."

Noeline analakwitsa kachipewako kangapo konse, ndipo inasanduka nthabwala ya m'nyumba mwawo. Akapsereza buledi, Lachlan ankati, "Lero chipewa chagadamanso." Palibe wina aliyense ankaidziwa nthabwalayo, chifukwa ana analibe.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itabuka, Lachlan anapita ndi anzake. Mu 1941 kunabwera uthenga woti wasowa pa chilumba cha Crete. Sanati wafa, anangoti wasowa. Nkhondo inatha, akaidi anabwerera, ena opanda miyendo, ena osalankhula, koma za Lachlan panalibe amene ankadziwa. Panalibe mtembo, panalibe manda okaikapo maluwa. Noeline analira zimene analira, kenako anavala ovolosi ya mwamuna wake, n'kupinda miyendo yake kawiri, n'kutsegula shopu. Kabotolo ka mafuta a bulugama anakataya. Fungo lake sankafunanso kulimva.

Zaka zinapita. Des Harkness wa butchala, amenenso anaferedwa mkazi, ankabwera masana aliwonse ndi nthiti za nkhosa zokulunga m'pepala, n'kutsamira pachitseko.

"Mai Pengelly, nanga khoma ili tidzaligumula liti? Inu matayala uko, ine masoseji kuno, denga limodzi."

"Bambo Harkness, masoseji anuwo ngakhale galu amayamba wapemphera. Chokani pakhomo, mukunditchingira kuwala."

Des ankaseka n'kumapita, mawa n'kubweranso. Noeline sankamuda ayi. Koma ankati akaganiza zovomera, ankadzifunsa kuti iyeyo ndi mkazi wamasiye kapena mkazi wa mwini.

Tsiku lina m'mwezi wa Malichi, mu 1954, kunabwera namwino woyendera odwala m'midzi ya kunja kwa tauni, dzina lake Winifred Ashby. Anali akukankha njinga yobiriwira, bondo lake lomangidwa bandeji.

"Giya yachiwiri ikumapulumuka," anatero namwinoyo. "Dzulo yanditaya pamaso pa ana asukulu. Ulemu wanga wonse wathera mu ngalande."

"Isiyeni, Sisitala. Mudutse madzulo."

Noeline anachotsa wilo, anamasula kanati kotchedwa koni, n'kusolola zam'kati zonse. Asanaziike n'komwe patebulo, fungo linamupeza. Bulugama. Osati lakale lozilala ayi, koma latsopano, lolasa m'mphuno.

Anaika zitsulozo patebulo. Kunja thiramu, sitima ya mumsewu ija, inadutsa, mawindo n'kunjenjemera. Anadziuza kuti m'dziko muno anthu ndi ambiri, wina angathe kukhala ndi nzeru yomweyo. Anayamba kumasula. Atatulutsa zikhadabo, anatenga kasipuling'i kamodzi n'kukayang'anitsitsa pawindo. Sikanali kogula. Kanali kopota pamanja, ndipo kanapotokera kumanzere.

Pa habu iliyonse pamakhala podinda chaka chimene inapangidwa. Noeline anapukuta chitsulocho ndi chala chachikulu. Panalembedwa 52. Habuyo inapangidwa patapita zaka zoposa khumi Lachlan atasowa.

Kenako anaona chimene chinkapulumutsa giya. Ntchito yonse m'katimo inali yaudongo, yosalakwika paliponse. Koma kachipewa ka pa sipuling'i yaikulu kanali kogadama.

Masana amenewo Des atabwera ndi nthiti zake anapeza chitseko chokhoma. Noeline anali m'kati, atakhala pansi pafupi ndi tebulo, manja ali pakati pa mawondo. Anamumva akugogoda, koma sanatsegule.

Namwino atabwera madzulo, njinga inali isanamangidwe.

"Sisitala, habu iyi anaitsegula ndani?"

"Aa, mwadziwa bwanji? Ndi bambo wina ku Birdlings Flat, kugombe la miyala kuja. Mwezi watha ndinapita kukaona mayi woyembekezera, katcheni n'kuduka panjira. Bamboyo anali atakhala pamphepete pa msewu, ngati ankandidikira. Anangotambasula dzanja, ine n'kumupatsa njinga."

"Anali wooneka bwanji?"

Namwinoyo anakwinya nkhope. "Mukudziwa, n'zodabwitsa. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana anthu, koma nkhope yake sindikuikumbuka. Wamtali, wowonda, chipewa chofika m'maso. Manja ndiye ndikuwakumbuka, chifukwa ankagwira sipanala ndi lamanzere."

"Analankhula?"

"Pang'ono. Ankangoimba kamluzu. Nditafuna kumulipira anakana. Pomaliza anati, 'Ikadzayamba kuvuta, mukapite nayo ku Sydenham, kwa mayi uja. Akaona yekha chimene chagadama.' Ine ndinayesa ndi mnzanu wa ntchito. Mai Pengelly, mwatani? Khalani pansi, mwatuwatu."

"Palibe. Ndi kutentha. Mubwere mawa, muipeza yatha."

Anaimanga m'mawa mwake. Kachipewa anakaika bwino. Loweruka anapachika chikwangwani choti watseka, n'kukwera njinga yake kulowera ku Birdlings Flat.

Kunali mphepo yotentha ija yochokera kumapiri, imene imaumitsa milomo n'kupweteketsa mutu. Kumwamba mitambo inasanjikana mzere umodzi, ngati wina waidula ndi mpeni. Anadutsa Halswell, anadutsa Tai Tapu, minda ya nkhosa ili mbuu, udzu utapsa ndi dzuwa. Anafika dzuwa lili paliwombo. Asanaione nyanja anayamba kuimva. Kumeneko kulibe mchenga, ndi miyala yokhayokha, ndipo funde likamabwerera limaikoka miyalayo ndi phokoso longa munthu wamkulu akupuma movutika.

Tinyumba ta malata tinali titamwazikana pamiyalapo, tambiri totseka. Sanaone mwana kapena galu. Munthu yekha amene anamupeza anali mayi wina wa Chimaori, mtundu wa eni nthaka a dzikolo, wa msinkhu wake womwewo, ndudu ili pakamwa, akupachika mikunga, nsomba zonga njoka zija, yong'amba pamitengo kuti iume. Anati dzina lake ndi Ripeka.

"Mukufuna wokonza njinga uja?" anatero Ripeka osasiya ntchito. "Mwachedwa, amwali. Kapena mwafulumira, kaya. Ameneyo sadziwika."

"Dzina lake ndani?"

"Ndani anamufunsa? Ife timangoti Wamanzere. Anafika nyengo yozizira yapitayi, n'kulowa m'kanyumba kakumapeto uko, kopanda mwini. Amuna anga anamupititsira nsomba, anazipeza mawa lake zili pomwepo pakhomo, ntchentche zili ng'waa. Utsi sitinauonepo ukutuluka pa chumuni chake. Chimene amadya, adziwa yekha."

"Amalankhula ngati wa konkuno?"

"Tsiku lina ngati wa konkuno, tsiku lina ngati wa kutsidya kwa nyanja. Alamu anga amati ndi mmodzi wa aja anasokonezeka mutu ku nkhondo. Ine sinditengako mbali. Koma galu wathu, amene amauwa ngakhale mthunzi wake, akamuona amangolowa pansi pa bwato."

"Alipo lero?"

Ripeka anachotsa ndudu pakamwa n'kumuyang'ana koyamba bwinobwino. "Sindinamuone sabata ino. Chitseko sakhoma. Ine kumeneko sindipita, musandipemphe."

Kanyumbako kanali patali ndi tinzake, kumbuyo kwake kuli nyanja. Noeline anatsamiritsa njinga pakhoma. Anati "Odi." Anakankha chitseko.

M'katimo munali moyera, mosesedwa. Munali bedi lachitsulo lopanda bulangeti, mbaula yozizira yopanda ngakhale phulusa, tebulo pansi pa windo, ndi mpando umodzi wofulatira chitseko. Fungo la bulugama linali ponseponse. Wilo la njinga linali litatsamira mwendo wa tebulo, pakati pake pali pobowoka. Patebulo panali vayisi yaing'ono, ekiselo itamangidwa kale chilili. Ndipo pa kansalu koyera panandandalikidwa tizitsulo tonse ta habu, totsukidwa, tonyezimira, kuyambira kumanja kupita kumanzere.

Mpando unali utakokedwa pang'ono, monga amachitira munthu akamakonzera mlendo malo.

Noeline sanadziwe chifukwa chake anakhala. Mwina miyendo ndi imene inatopa. Mwina n'chifukwa choti kwa zaka zonsezo sanaonepo habu yomasula n'kuisiya. Anapukuta manja pa siketi n'kuyamba.

Anatsitsa chikho chonyamula timagiya tinayi, n'kulowetsa timagiyato, kalikonse ndi kamsomali kake. Anazungulitsa ndi chala, tonse tinayenda mofewa. Analowetsa kakiyi pampata wa ekiselo, dzenje lake kuloza kumwamba. Anatsitsa kamtanda. Anatenga kandodo ka katcheni, n'kukalowetsa m'mimba mwa ekiselo, n'kukapota pang'onopang'ono mpaka kanagwira kakiyi.

Ndi pamene kuwala kwa patebulo kunachepa.

Windo linali kutsogolo kwake, ndipo kunja dzuwa linali likuswa mtengo. Kuwala kumene kunachepako kunali kochokera kumbuyo, kuchitseko chimene anachisiya chotsegula. Wina anali ataima pakhomo.

Sanamve mapazi. Pamiyala ya kumeneko ngakhale mphaka amamveka akamayenda, koma iye sanamve kanthu. Thabwa limodzi la pansi linalira. Kenako linalira lina, lapafupi. Tsitsi la pakhosi pake linaima. Ndipo pamwamba pa phewa lake lamanzere, chapansipansi, panayamba kamluzu kotulukira pampata wa mano, kongokwera n'kutsika.

Noeline anayang'anitsitsa manja ake. Kutembenuka kunali kosavuta, kungopotoza khosi basi. Koma m'mutu mwake munadutsa zinthu zitatu, chilichonse choopsa kuposa chinzake. Akapeza Lachlan wamoyo, ndiye kuti munthuyo anakhala zaka zonsezi akudziwa kumene mkazi wake ali, osabwera. Akapeza Lachlan amene si wamoyo, sankadziwa kuti nkhope imeneyo ikhala yotani. Ndipo akapeza kuti palibe aliyense, ndiye kuti mutu wake wayamba kumuthawa, ndipo adzakhala nazo yekha mpaka imfa.

Anatola mkombero wa mano am'kati. Zikhadabo zake zinali zitaikidwa kale ndi tisipuling'i take. Anautsitsa, anaugwedeza pang'ono mpaka unakhala. Anaika mkombero wa timipira tachitsulo, kenako chitsulo chimene tcheni imakoka. Kamluzu kankapitirira, ndipo ankamva kuzizira pakhutu, ngati pamene munthu watsegula chitseko cha chipinda chosungira nyama.

Anatsitsa sipuling'i yaikulu. Pakansalu panatsala kachipewa ndi koni. Atatola kachipewa, kamluzu kanasiya.

M'nyumbamo munangoti zii. Ngakhale nyanja inakhala ngati yagwira mpweya. Noeline anakatembenuza kachitsuloko pakati pa zala, ndipo anadzimva akulankhula ndi mawu amene ankalankhulira kukhitchini kwawo kalekale.

"Ndikudziwa, bambo. Sindigadamitsanso. Ndinaphunzira."

Anakaika moyenera. Anapota koni, n'kuibweza pang'ono kuti isathine. Kenako anagwira katcheni n'kukoka. Kamtanda kanakwera m'katimo, kwa! Anakokanso, kwa! Anasiya, sipuling'i n'kubwezera zonse pansi. Anazungulitsa, zikhadabo n'kumalira tcheketcheke, mofanana, mopanda chilema.

Kumbuyo kwake wina anatulutsa mpweya wautali, monga amachitira munthu akatula katundu. Kuwala kunabwerera patebulo. Funde linakokanso miyala.

Anakhalabe pampandopo nthawi yaitali. Atatembenuka, pakhomo panali poyera, njinga yake ili pomwe anaisiya. Anatuluka n'kuyang'ana uku ndi uku. Gombelo ndi lalitali, lopanda mtengo kapena chitsamba choti munthu n'kubisalapo, ndipo panalibe aliyense. Habuyo anaisiya pa vayisi. Sanatenge kanthu m'nyumbamo.

Ripeka anali akadali pa mikunga yake.

"Mwamupeza?"

"Simunaone munthu akupita uko?"

"Ine ndinafulatira dala," anatero Ripeka. Anaponda ndudu yake pamwala. "Ndi wanu?"

Noeline anayang'ana kunyanja. "Manja ndi ake. Zinazo sindikudziwa."

"Khalani pansi mumwe tiyi. Simungapalase chonchi, mukunjenjemera ngati mwana wa nkhosa wongobadwa."

Anamwa tiyi wa shuga wambiri, ndi buledi wopaka mafuta a nyama, atakhala pa bokosi. Ripeka sanafunsenso kanthu, anangokamba za mtengo wa fodya ndi ulesi wa amuna ake. Pobwerera mphepo inali kumaso, ndipo Noeline anafika ku Sydenham miyendo itafa.

Nkhaniyi anauza munthu mmodzi yekha, Des Harkness, patapita milungu. Des anamvetsera osaseka, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Kapena ndi munthu amene anali naye limodzi kundende ya nkhondo," anatero. "Anthu kumeneko ankauzana zonse, Mai Pengelly. Ntchito, nyimbo, ngakhale nthabwala za m'nyumba. Mwina Lachlan anamutuma kuti adzakuoneni, iye n'kuchita mantha kufika."

"Mwina."

"Simukukhulupirira."

"Munthu angaphunzire kupota waya, Bambo Harkness. Koma angaphunzire mpata wa mano?"

Des anakanda m'mutu. Lamlungu lotsatira anabwereka galimoto n'kupita yekha ku Birdlings Flat. Anapeza kanyumbako kali kopanda kanthu: vayisi, wilo, habu, zonse zitapita. Ripeka anamuuza kuti Wamanzere sanaonekenso chichokereni mayi wa njinga uja. Patapita zaka zochepa namondwe anakokolola kanyumbako pamodzi ndi tina tiwiri.

Chaka chotsatira Noeline anakwatiwa ndi Des, pa ukwati wa anthu ochepa. Shopu sanaisinthe dzina, ndipo anapitiriza kukonza njinga mpaka magalimoto atachuluka, maso akenso atayamba kuchita nkhungu. Anali mkazi wabwino kwa Des, ndipo anamusamalira pa matenda ake omaliza. Koma tebulo lake la ntchito, limene kale linkayang'ana kukhoma, analitembenuza kuti liziyang'ana kuchitseko. Kutchalitchi ankakhala pa benchi yakumbuyo kwenikweni, msana utagunda khoma. Kunyumba yosungira okalamba ku Spreydon, kumene anamwalirira mu 1983, anamwino ankadziwa kuti agogo a Harkness safuna kuwadzera kumbuyo, ndipo mpando wawo ankauika pakona.